Mapiritsi Ofiira Amene Ndinkabisa

Pakoleji pathu panali kachipatala ka zipinda ziwiri, kuseri kwa holo yodyeramo. M'chipinda chimodzi munali tebulo, sikelo ndi kabati ya mankhwala, m'chinacho munali mabedi atatu a odwala. Woyang'anira kachipatalako anali namwino mmodzi yekha, mayi wachikulire wamfupi, amene tonse tinkangowatchula kuti anesi. Koleji yake inali yaing'ono, ya mpingo, yosula aphunzitsi, chakufupi ndi boma la Mchinji. Ambirife tinali aja tinalembedwa ntchito mwachangu sukulu za pulayimale zitangokhala zaulere. Tinali titaphunzitsa kale ana pansi pa mitengo zaka zingapo tisanaphunzire n'komwe kaphunzitsidwe kake. Choncho tinafika pakolejipo tili akuluakulu, odziyesa odziwa zinthu, ndipo anesi aja sitinkawakonda.

Tikanawakonda bwanji? M'mawa kukuzizira, iwo ankalowa m'mahositelo osagogoda n'kutsegula mawindo onse. Ankasuzumira mu ndowa zathu zamadzi akumwa. Akapeza masikito akulendewera osatsitsidwa, kapena wina wayanikapo zovala, ankafunsa mwini wake pamaso pa anzake ngati udzudzu wakwawo umadziwa kuwerenga satifiketi. Lachisanu lililonse ankatisonkhanitsa muholo n'kubwereza mawu omwewomwewo: wotsokomola kupitirira masabata atatu abwere kwa ine. Ife tinkawatsanzira kuseri, ndipo ine ndinali katswiri pa zimenezo.

Chifuwa chinandiyamba m'nyengo ya dzinja, titangobwerera kuchokera kutchuthi cha Khirisimasi. Ndinagula mapiritsi pagolosale ina ya mwenye wa paboma, kenaka kabotolo ka mankhwala otsekemera kwa amayi ena amalonda ochokera ku Zambia. Sizinathandize. Siketi inayamba kuzungulira m'chiuno, ndinayigwira ndi pini. Kwa anesi sindinapite, chifukwa masiku amenewo munthu ukamatsokomola n'kumaonda, anthu sankakufunsa kanthu. Ankangoyang'anizana, n'kuyamba kukusankhira kapu yakoyako.

Anesi anandigwira pamzere wolandira chakudya chamasana.

"Aphunzitsi," anatero motsitsa mawu, "chifuwa chimenecho ndakhala ndikuchimva kuyambira Januwale. Mawa m'mawa mundipeze."

Anandipatsa timabotolo titatu tolavuliramo makhololo, ndipo nditalavuliramo anapita nato okha kuchipatala chachikulu pa njinga yawo yakapalasa. Patapita masiku ochepa anandiyitana n'kutseka chitseko. Chinali chifuwa chachikulu. Ndinalira kwambiri. Iwo anandisiya ndilire, akupukuta tebulo lomwe linali loyera kale, kenaka anati: "Mwamaliza? Tsopano mundimvere. Matendawa amachira. Koma amachira ndi mankhwala onse, tsiku lililonse, miyezi isanu ndi itatu. Kwanu kuli wina wotsokomola?"

Ndinati kulibe. Nthawi imeneyo ndinkanena zoona monga ndinkadziwira.

Ndinagona kuchipatala masabata awiri. Ndili kumeneko, anesi anayeza anzanga onse am'chipinda, nakalankhula ndi mkulu wa koleji kuti ndisabwezedwe kumudzi. Anadzipereka kukhala wondiyang'anira, poti lamulo linali lakuti wodwala chifuwa chachikulu azimwa mankhwala wina akumuona. Nditabwerako tinapangana: m'mawa uliwonse belu loyamba lisanalire, ndizifika kukachipatala. Ankandithira mapiritsi m'manja, oyera angapo ndi ofiira awiri, n'kundipatsa kapu ya madzi. Ine ndikameza, iwo ankatembenuka kuchonga pa khadi. Anandichenjezanso kuti ofiirawo amasintha mtundu wa mkodzo, ndisadzachite mantha.

Loweruka lina ndinapempha chilolezo chokaona amayi. Kwathu ndi cha ku Chiosya. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, ndipo amayi anandilera ndi khasu, makamaka ndi mtedza. Ndinalibe mbale wina wam'mimba imodzi. Ndinawapeza pakhonde, ndipo tisanamalize kupatsana moni anayamba kutsokomola. Ndinachizindikira chifuwacho nthawi yomweyo, chinali changa chomwe chija. Chiganizo chimodzi sankachimaliza osapumira pakati. Mafupa a m'khosi anali atatuluka. Anati chinayamba Khirisimasi isanafike, kungoti nthawi ya tchuthi ankachibisa, ankakatsokomolera kumunda.

Ndinawauza za matenda anga, ndinawapempha kuti tipite kuchipatala. Anakana.

"Ndikagone miyezi iwiri kumeneko, akundibaya jakisoni tsiku ndi tsiku? Mtedzawu akumbe ndani, chiswe?"

"Amayi, masiku ano sakutero."

"Iwe ndiwe wasukulu, amakuchitira zina. Bambo aja a kuseri kwa tchalitchi anapita akuyenda okha, anabwera m'bokosi. Ndipo wamva zimene anthu ananena pamaliro pawo. Ine ndakhala wamasiye zaka zonsezi popanda wondiloza chala. Ndikalozedwe lero?"

Ndinachonderera, ndinakalipa, ndinalira. Amayi anali munthu wofatsa, koma akati ayi ndiye kuti nkhani yatha. Ndinabwerera kukoleji ndi mantha amodzi okha, akuti amayi afa. Kuwauza anesi ndinaopa. Ndinkaganiza kuti atumiza galimoto ya chipatala kukawanyamula mudzi wonse ukuona, ndipo amayi sakanandikhululukira.

Apa ndiyenera kufotokoza mmene tinkachitira ndi mankhwala kwathu, kuti uchitsiru wanga umveke pomwe unachokera. Kwathu palibe amene ankamaliza mankhwala. Ukalandira mapiritsi khumi kuchipatala n'kupeza bwino utamwa asanu, otsalawo unkasunga. Mnzako akadwala unkamupatsako awiri, ngati mmene umagawira mchere. Chipatala chinali kutali, ndipo munthu womwa mankhwala ake onse mnansi akubuula ankaoneka womana. Ndinakula ndikuona zimenezo monga chikondi, ndipo mbali ina chinalidi chikondi. Maphunziro onse amene anesi ankatipatsa Lachisanu anali m'mutu mwanga, koma amayi atadwala, zimene ndinaphunzira kumudzi ndizo zinapambana.

Lolemba lake ndinayamba. Anesi atandithira mapiritsi m'manja, ndinapanikiza ofiira awiri aja ndi chala chachikulu, n'kuponya oyera okha m'kamwa. Atatembenukira ku khadi, ndinawalowetsa m'thumba. Ndinasankha ofiira chifukwa ankaoneka amphamvu, ndipo amayi ndinkafuna kuwapatsa amphamvuwo. Ndinkawamanga pakona ya mpango. Masabata awiri aliwonse ndinkapita nawo kumudzi.

"Anesi akukoleji akupatsani awa," ndinawanamiza. "Muzimwa awiri m'mawa musanadye."

Amayi anandiyang'ana pang'ono, analandira ndi manja awiri, nathokoza. Pobwerera ndinkayenda mopepuka. Ndinkadziona ngati mwana wabwino ndiponso wochenjera, amene wapusitsa namwino wa zaka zambiri pantchito.

Koma chifuwa cha amayi sichinasinthe. Ndinaganiza kuti mankhwalawo akuchepa, ndiye masiku ena ndinkabisakonso limodzi loyera. Inenso thukuta la usiku limene linali litasiya linayambiranso, chilakolako cha chakudya chinatha, ndipo m'kalasi mutu sunkagwira. Lachitatu lililonse anesi ankandikweza pasikelo. Sabata yoyamba anangoti, "Mukudya?" Yachiwiri anagogoda sikeloyo ndi phazi, nandikwezanso. Yachitatu anangonditsitsa pasikelopo. Anatsegula kabati, natulutsa kabotolo kopanda kanthu.

"Pitani kuseri uko mukandibweretsere mkodzo."

Ndinadziwa kuti zanga zada. Ndinachedwa kuchimbudziko ngati pali chimene ndingasinthe. Nditabwera, anakweza kabotoloko chakuwindo n'kukayang'ana. Mkodzowo unali woyera ngati wa munthu aliyense.

"Uwu si mkodzo wa munthu amene akumwa mankhwala anga," anatero. "Tambasula manja. Tulutsa za m'thumba."

Kanali koyamba kundinena kuti iwe. Ndinatulutsa mpango, anaumasula, timapiritsi tofiira tinagubuduka patebulo. Ndinali ndisanawaonepo atapsa mtima chotero.

"Ukugulitsa?"

"Ayi."

"Ukufuna kufa?"

"Ayi, anesi."

"Nanga n'chiyani, mwana iwe? Ukudziwa chimene wachita? Mankhwala atheka sachiritsa theka la matenda. Amangowazoloweza. Tsiku lina udzamwa onse koma osagwiranso ntchito, ndipo pamenepo ine sindidzakhala ndi china chokupatsa. Ukupatsa ndani?"

Ndinaulula zonse, za chifuwa cha amayi, za mtedza, za mantha awo ndi anga. Ndinayembekezera kuti anditengera kwa mkulu wa koleji. Iwo anakhala pampando, natola mapiritsi aja limodzilimodzi. Belu linalira, anzanga analowa m'kalasi.

"Kuchipatala ndikanena, zimenezo sindingabise," anatero potsiriza. "Uyambiranso poyambirira. Koma choyamba ndi amayi ako. Ngati akhala akumwa ofiira okhaokha masabata onsewa, tili pamavuto. Loweruka tikupita."

"Chonde, galimoto ya chipatala ayi."

"Wandiona ndili ndi galimoto ine?"

Loweruka anabwera atavala chitenje ndi duku, yunifolomu ataisiya. Tinakwera matola, pikapu yodzaza matumba ndi anthu, kenaka tinayenda wapansi mtunda wotsalawo. Kunali kumapeto kwa Meyi, m'minda anthu akukumba mtedza. Panjira sanandilankhule zambiri, anangondilanda chikwama ataona kuti ndikupuma movutikira.

Tinawapeza amayi pamphasa pambali pa nkhokwe, akuthothola mtedza. Ndinawauza kuti awa ndi anesi akukoleji. Nkhope yawo inauma, maso anathamangira kunyumba za anansi. Koma anesi anagwada, napereka moni mwaulemu wonse, nakana mpando umene ndinawabweretsera. Anakhala pamphasa pomwepo, nakoka mulu wa mtedza n'kuyamba kuthothola. Manja awo anali achangu kuposa anga. Anati kwawo ndi cha ku Kapondo, anakulira m'ntchito yomweyi. Anakambirana za mvula ya chaka chimenecho, za mbewa zimene zinavuta m'minda, za anthu ena amene onse awiri ankawadziwa. Ine ndinali pambali mtima uli m'mwamba, ndikudabwa kuti nkhani imene tabwerera iyamba liti. Amayi anatsokomola kangapo, anesi osatukula n'komwe mutu. Lichero linadzaza kawiri.

Kenaka anesi anati: "Mayi, mapiritsi aja mwanayu amabwera nawo, mumamwa bwanji? Ndiuzeni zoona, sindinabwere kudzakalipa. Ndikungofuna kudziwa kuti mwamwa angati."

Amayi anapukuta manja pachitenje, nadzuka pang'onopang'ono, nalowa m'nyumba. Anatuluka ndi kachitini kakale ka mafuta odzola. Anakatsegula, nakaika pamphasa pakati pathu. Munali modzaza mapiritsi ofiira, ndi oyera ochepa pamwamba.

"Onse ali momwemu," anatero. "Sindinamwepo n'limodzi lomwe."

Amayi anatembenukira kwa ine.

"Iwe umayesa ndine mwana? Boma lipereke mankhwala kwa munthu amene silinamuone? Ndinaona mikono yako tsiku lomwe lija. Ulendo uliwonse umabwera wochepa kuposa poyamba. Ndinadziwa kuti ndi ako. Kukukaniza ndinaopa, ukanangopsa mtima n'kusiya kubwera. Ndiye ndimati ndikusungire, ukadzatsekera udzamwe onse pano ine ndikuona."

Masabata onse aja ine ndinkadzimana kuti amayi achire, iwo ankandisungira kuti ine ndichire, ndipo mankhwalawo anali m'chitini, tonse awiri tikuonda. Manyazi anandigwira, chisoni chinandigwira, ndinaphimba nkhope ndi mpango. Anesi anayang'ana kachitiniko nthawi yaitali. Kenaka anaseka pang'ono, akupukusa mutu, m'maso muli misozi.

"Anthu inu mudzandipha," anatero. "Komabe mayi, mwachita bwino kusamwa. Mankhwala akagwira ntchito pa inu."

Amayi sanaseke. "Adokotala, ndiye kuti mwana wangayu sakuchira chifukwa cha ine?"

Ndinkayembekeza kuti anesi awatonthoza, koma sanapsatire mawu.

"Sakuchira chifukwa akuopa kuti inu mufa. Ine ndikhoza kumuyang'ana m'kamwa tsiku lililonse, koma ndili ndi maso awiri okha. Inu mukakhala mukutsokomola kuno, iye adzapeza njira ina yobisira. Ndamuona, ndi wouma mutu ngati amake."

Amayi anathothola mtedza wina, nauponya m'lichero. Anafunsa za miyezi iwiri ija, anesi anati tsopano ndi masabata awiri, ndipo mankhwala otsalawo azidzamwera kunyumba mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo akuwaona. Anafunsa za jakisoni, anesi anati ndi mapiritsi. Anafunsa za anthu.

"Anthu adzalankhula," anesi anayankha. "Akadzakuonani mwanenepa adzalankhulanso zina. Za mtedza ndisiyireni, ndidutsa kwa amayi a mphakati wa tchalitchi chanu tisanapite."

Nkhuku inabwera kudzajompha m'lichero, palibe anaiingitsa. Amayi anandiyang'ana m'mikono, nayang'ananso kachitini kaja.

"Timabotolo take mwabwera nato?"

Anesi anapisa m'chikwama, natulutsa titatu.

Zotsatira zinasonyeza chifuwa chachikulu, monga tinkadziwira. Amayi anagona kuchipatala masabata awiri aja, ndipo amayi a mphakati anakumba mtedza wotsala n'kuuyanika. Anesi ankawazonda popita kukatenga mankhwala a koleji, n'kumandibweretsera uthenga. Ine anandiyezanso makhololo, ndinayambiranso mankhwala kuchokera pa tsiku loyamba. Mwayi wanga unali wakuti matendawo anali asanazolowere. Koma ulemu uja wa aphunzitsi unatha. M'mawa uliwonse ndinkameza piritsi limodzilimodzi iwo atandiyang'anitsitsa, kenaka kuyasamula, kutukula lilime, kutambasula manja onse awiri, kaya pabenchi pali anthu kaya palibe. Ndinkanyansidwa nazo, ndipo masiku ena ndinkatuluka osatsanzika. Kwa mkulu wa koleji sananene chifukwa chenicheni choyambiranso, ndipo mnzanga aliyense sanamve za kachitini kaja. Miyezi ingapo itapita anandikakamiza mofatsa kukayezetsa magazi, nandiperekeza okha. Anapezeka abwino.

Sindinawathokoze mokwanira anesi aja. Ndinali wamng'ono m'nzeru, ndipo manyazi ankanditseka pakamwa. Nditamaliza maphunziro ananditumiza kukaphunzitsa kutali, ndipo pamene ndinadzabwerera kukoleji kukawafuna, ndinauzidwa kuti anapuma pantchito n'kupita kwa ana awo. Ntchito yawo inali kuyang'anira ophunzira a pakoleji, amayi anga sanali pamndandanda wawo. Akanatha kungondilembera lipoti n'kupitiriza kutsegula mawindo. Iwo anataya Loweruka lawo, nakwera matola, nakathothola mtedza wa mwini mpaka amayi atafewa. Ndimawathokoza ndi mtima wanga wonse, ndipo ndikulemba pano zimene ndinalephera kunena pamaso pawo.

Chaka chimenecho tinatsekera mu Disembala, mvula itagwa kale. Ndinali ndisanapite kumudzi kwa miyezi itatu chifukwa cha mayeso. Ndinatsika matola pamsewu, ndinasenza chikwama, n'kulowa kanjira ka m'minda. Chimanga chinali chofika m'mawondo. Ndisanaone n'komwe denga la nyumba yathu, ndinamva mawu a munthu akukalipa kutsidya kwa dambo. Mbuzi za eni zinali zitalowa m'munda, ndipo mwini munda ankazilalatira, izo pamodzi ndi eni ake, ndi makolo a eni akewo amene sanawaphunzitse kumanga mbuzi dzinja. Mawuwo ankatuluka mosadukiza, chiganizo pa chiganizo, mokweza mpaka kumveka mudzi wonse.

Anali amayi. Ndinatula chikwama pansi, ndinaima panjirapo kumvetsera, ndikudikira kuti atsokomole. Anakalipa mpaka mbuzi yomaliza inatuluka m'munda, ndipo sanatsokomole.